Tenti ya Maliro a Wondimu

Kaputeni Gezahegn sanaione n'komwe ndege imene inamugunda. Anali mkati mwa mtambo, akubwerera kuchokera kokaponya mabomba kum'mawa, maso ali pa singano yosonyeza kutalika kwa pamene akuuluka. Singanoyo inali pa mafiti zikwi khumi, ndendende monga anauzidwira m'mawa. Kenaka china chake chinangoti khuu kumanzere, ndege yonse n'kugadabuka, ndipo pocheuka anapeza phiko palibe. Anakoka chogwirira cha mpando. Mpandowo unamuponya kunja ngati mwala wa pa legeni, mkono wamanzere n'kumenya chitsulo potuluka, n'kuthyoka.

Ali lende pa parachuti anatulukira kunsi kwa mtambo, ndipo m'pamene anaona kuti ndege zikugwa ndi ziwiri. Ina inali yake, ndege ya Chimereka. Inayo inali Migi, ndege ya Chirasha ya mphuno yabowo, ndipo pambali pake panali chizindikiro cha Itiyopiya, chofanana ndi cha pa ndege yake. Sanali mdani. Gezahegn anadikira kuti aone parachuti yachiwiri, akukuwa ndi kutukwana ngati kuti nsalu imatseguka ndi kutukwana. Sinaoneke. Migi ija inakadzimenyetsa paphiri, utsi wakuda n'kuti tolo.

Anagwera m'munda wa mapira. Alimi anamumanga mkono ndi mapesi komanso lamba wa munthu wina, ndipo dzuwa lisanafike pamutu lole ya asilikali inadzamutenga. Sanafunse za madzi kapena za dokotala.

"Mu Migi muja munali ndani?"

Sajeni wa m'lolemo anayang'ana kumbali. "Pepani bwana. Anali a Kaputeni Wondimu."

Tsono Wondimu sanali munthu wamba kwa Gezahegn. Anaphunzira limodzi kuyendetsa ndege, anavutika limodzi ndi chisanu komanso chakudya chopanda tsabola ku Amereka, ndipo pa ukwati wa Wondimu ndi Askale woimirira pambali pa mkwati anali Gezahegn yemweyu. Chimene chinawalekanitsa chinali boma, lomwe pakati penipeni pa nkhondo ya ku Ogadeni, chigawo cha kum'mawa kwa dzikolo, linadana ndi Amereka n'kupalana ubwenzi ndi Arasha. Ndege zatsopano zinabwera m'mabokosi, anthu ena anasankhidwa kuti aziphunzire mothamanga, Wondimu n'kukhala mmodzi wa iwo. Kuyambira pamenepo pabwalo limodzi la ndege panakhala magulu awiri, lililonse ndi kanyumba kake kolandiriramo malangizo. Ankakumana pa khofi basi, n'kumanyozana.

"Aise, chindege chako chija chimanunkha kabichi," ankatero Gezahegn.

"Chako chimanunkha umasiye," Wondimu ankayankha. "Eni ake anakutayani, ngakhale bawuti imodzi sakutumiziraninso. Changa n'chophunzira, chimawerenga mamita ngati mwana wa sukulu, osati mapazi a munthu."

Dokotala atamuika chikhakha, Gezahegn anakana kugona. Anatuluka ali ndi magazi ouma pakhosi n'kulunjika kuchipinda chokonzera maulendo. Ankafuna adziwe chinthu chimodzi: mtambo wonse uja, waukulu kuposa chigawo chathunthu, zinatheka bwanji kuti anthu awiri apezeke pamalo amodzi?

Yankho linali pa bolodi, lolembedwa ndi choko m'zilembo zokongola za Meja Shiferaw, mkulu wokonza maulendo. Mzere woyamba unati ndege za Chimereka zibwerere pa 10,000. Mzere wachiwiri unati ma Migi abwerere pa 3,000, njira yomweyo, nthawi yomweyo. Kwa munthu wongoyang'ana, pakati pawo panali mpata wa zikwi zisanu ndi ziwiri, wokwanira kudutsapo phiri. Koma zikwi khumizo anali mafiti, ndipo zikwi zitatuzo woyendetsa Migi akanaziwerenga m'mamita, chifukwa singano yake sidziwa china. Mafiti zikwi khumi ndi mamita zikwi zitatu n'chimodzimodzi, kusiyana kwake sikuposa mitengo iwiri ya bulugamu. Meja anawaika onse pa mlingo umodzi, gulu lililonse analiuza m'kanyumba kake, kenaka anakamwa khofi.

Gezahegn anaima pamenepo maso ali pa manambala aja. Akanakhala mdani amene wapha Wondimu, bwenzi mtima utapeza pogwira. Koma munthu wopulumuka mizinga kwa miyezi isanu ndi iwiri kufa chifukwa cha masamu amene mwana wa sitandade faifi akanawakhoza!

"Kaputeni, malo anu ndi kuchipatala."

Anali Meja Shiferaw, atalowa mwakachetechete. Anali bambo wosalala, wa yunifolomu yositidwa mpaka kuthwa, amene anasiya kuuluka kalekale chifukwa cha zilonda za m'mimba, ndipo Migi anali asanakwerepo ngakhale itaima pansi. M'chipindamo munalinso anthu ena asanu, wa wailesi, alembi awiri, ndi oyendetsa ndege awiri amene anabwerera amoyo m'mawa uja.

"Bwana, zikwi zitatu izi ndi za chiyani?"

"Mwagunda mutu, Kaputeni. Pitani mukapume."

"Ndafunsa kuti ndi zikwi zitatu za chiyani! Mafiti kapena mamita? Kapena mazira?"

Meja anayang'ana bolodi lija kanthawi, ndipo Gezahegn anaona nkhope yake ikusintha. Kunena zoona, mpaka nthawi imeneyo munthuyu anali asanadziwe chomwe anachita. Anazindikira pamaso pa onse. Ndipo chimene anachita atazindikira ndi ichi: anapita pa bolodi, n'kufufuta mizere iwiri ija ndi mkono wa malaya ake.

"Bolodi ili timafufuta tsiku lililonse masana," anatero. "Alipo amene waona zachilendo?"

Wa wailesi anayamba kufunafuna pensulo pansi pa tebulo. Oyendetsa ndege awiri aja, amuna oti m'mawa momwemo analowa m'moto wa mizinga osaphethira, anayang'ana nsapato zawo. Gezahegn anawatchula mayina mmodzimmodzi, palibe amene anadzutsa mutu. Onse ankakumbukira mnzawo wina amene mwezi wapitawo anadandaula za mafuta pamsonkhano, n'kutengedwa ndi galimoto yopanda nambala, mpaka lero bedi lake lili chiyalire. Masiku amenewo kutsutsa mkulu wako pankhondo kunkatchedwa kugwetsa chisinthiko cha dziko, ndipo Meja anali ndi achibale kulikulu. Khoswe wa pamkhate sapheka.

Madzulo dzuwa likadalipo Meja anamuitanitsa ku ofesi yake. Anamupatsa mpando, anamuthirira tiyi, kenaka anamukankhira pepala lotayipidwa kale.

Gezahegn anawerenga kawiri. Pepalalo linkati Kaputeni Wondimu anachoka dala pamalo amene anapatsidwa, n'kukhotera kum'mawa ndi cholinga chothawira kwa adani ndi ndege ya boma, ndipo pothawapo anagunda ndege ya mnzake. Pansi panali mzere woti mboni isaine.

"Mwapenga," anatero Gezahegn motsitsa mawu.

"Samalani pakamwa. Ndege ziwiri zapita, Kaputeni, ndipo imodzi ndi ya alendo athu Arasha, yatsopano, utoto usanaume. Kulikulu akufuna dzina pofika mawa m'mawa. Sakufuna nkhani ya mitambo, akufuna dzina."

"Dzina lilipo. Lalembedwa pachitseko chanupo."

"Limenelo silipita," Meja anayankha mosatekeseka, akutakasa tiyi. "Atsala awiri, wamoyo ndi wakufa. Ine ndakusankhirani chabwino. Wakufa samva kuwawa, achimwene. Sangamangidwe, sangawomberedwe kawiri. Inu mkono ukapola mubwerera mumlengalenga, mwina ndi nyenyezi ina paphewa."

"Nanga mkazi wake?"

"Mkazi wake watani?"

Ankadziwa bwino lomwe chimene Gezahegn ankatanthauza, ndipo aliyense m'dzikomo ankadziwa. Munthu wotchedwa woukira sankaliridwa. Akomiti a m'dera ankabwera ndi mfuti kudzaletsa lipenga la maliro, bungwe la maliro silinkaloledwa kuimika tenti, ndipo mnansi wopezeka atalowa m'nyumbamo kudzapepesa ankalembedwa dzina. Gezahegn anaonapo mayi wina mumsewu wa kwawo, mwana wake ataphedwa motero, akulirira mumtsamiro wailesi itatsegulidwa mokweza kuti anthu asamve. Ku Itiyopiya munthu amamulira masiku atatu mu tenti, mudzi wonse utakhala pansi, akazi akudziguguda pachifuwa mpaka mawu kutha. Wosaliridwa chotero ndiye kuti wafa ngati galu wogundidwa pamsewu. Ndipo mwana wamkazi wa Wondimu, wa zaka zinayi, akanakula akulozedwa chala kuti uyo mwana wa wogulitsa dziko.

"Munadyapo kunyumba kwake inu," anatero Gezahegn. "Pa Pasaka. Askale anakudyetsani nkhuku ndi dzanja lake."

"Anaphika bwino. Sainani."

Gezahegn anaimirira, mpando n'kugwa chagada. Akanakhala ndi manja awiri, nkhaniyi ikanathera pakhosi pa Meja ndipo ikanakhala yaifupi. Anali ndi dzanja limodzi, ndipo panja pa chitseko panali asilikali awiri amfuti. Anamutchula mayina onse amene ankawadziwa, fisi, mbava, nyongolotsi ya m'chimbudzi, n'kuwonjezera ena amene anaphunzira ku Amereka. Meja anangomvetsera ngati munthu wobisala mvula pakhonde, podziwa kuti ikata.

"Mwamaliza? Mukapanda kusaina, pepalali lipitabe. Mboni zina zilipo zisanu, mwaziona nokha mmene zimakondera ana awo."

Zinali zoona, ndipo n'zimene zinamuwawa koposa mkono. Choonadi anali nacho, chathunthu, chosavuta kuchifotokoza, koma panalibe khomo loti akagogode nacho. Anadzutsa mpando uja n'kukhalanso. Anaganiza za Askale, amene nthawi imeneyo ayenera kuti ankakazinga khofi akumvetsera ngati kukubwera galimoto.

"Mwati atsala awiri," anatero. "Ndipatseni pepala losalemba."

Meja anakweza nsidze. "Mukudziwa chimene mukuchita? Limeneli ndi khoti la asilikali. Kuuluka ndiye mwaiwale. Zikakuyenderani bwino ndi ndende."

"Pepala."

Analemba mizere inayi. Anati iye, Kaputeni Gezahegn, anatsika kuchoka pamalo amene anapatsidwa popanda chilolezo, mwa kusasamala kwake, n'kugunda ndege ya Kaputeni Wondimu amene anali pamalo ake oyenera akutumikira dziko. Polemba mawu akuti kusasamala cholembera chinaboola pepala. Pa zaka khumi ndi ziwiri za kuuluka anali asanaphonyepo mlingo ndi mafiti makumi awiri, ndipo ankanyada nazo kuposa china chilichonse.

Meja anawerenga, anagwedeza mutu ngati mphunzitsi wokhutira, n'kupinda mapepala onse awiri. La Gezahegn analiika mu envelopu. Lotayipidwa lija analiika m'thumba la pachifuwa.

"Ili ndisunga," anatero. "Mwina mungadzasinthe maganizo pagulu."

"Ndipempha chimodzi. Mawa ndipite nawo akuluakulu kukanena uthenga."

"Pitani. Alonda awiri akuperekezani. Inenso ndibwera, ndi udindo wanga."

Uthenga wa imfa sunenedwa madzulo, ndiponso sunenedwa ndi munthu mmodzi. Wofedwa amayenera adye, agone, kenaka m'mawa kusanatenthe akuluakulu amafika pakhomo. Choncho Gezahegn, alonda ake ali pambuyo, anapita kwa bambo Temesgen, mkulu wa bungwe la maliro m'dera limene Wondimu ankakhala, nkhalamba yopuma ntchito ya njanji. Bamboyo anamvetsera, anavula chipewa, kenaka anafunsa funso limene aliyense ankafunsa masiku amenewo.

"Mwana wanga, ndiuze zoona ndisaike anthu m'mavuto. Maliro amenewa ndi ololedwa?"

"Ndi ololedwa, bambo. Imikani tenti yaikulu ija, osati yaing'ono. Lipenga lilire mpaka kumsika."

Kutacha, kunja kutangoyera, anafika pakhomo pa Askale anthu asanu: bambo Temesgen, wansembe, akuluakulu ena awiri, ndi Gezahegn. Amayi a m'deramo anali atabisala kuseri kwa mpanda, nsalu zawo zoyera atazifunda mozondotsa, mpendero wake uli kumutu, monga zimakhalira pamaliro. Askale anatsegula chitseko ali ndi mtsuko wa khofi m'manja. Anayang'ana wansembe, anayang'ana akuluakulu, maso ake n'kuima pa chikhakha chija.

"Alamu, mkono watani? Nanga anzanu ali kuti?"

"Khala pansi, mwana wanga," anatero bambo Temesgen.

"Sindikhala. Alamu, ndikufunsa inu. Wondimu ali kuti?"

Bambo Temesgen ndi amene ananena, mwa mwambo, kuti Mulungu watenga chake. Mtsuko unagwa n'kusweka. Kulira kumene kunatuluka mwa mayiyo kunang'amba m'mawa wonse, amayi aja n'kukhamukira mkati kudzamugwira, ndipo kumsewu lipenga linayamba kulira. Askale anadziponya pa Gezahegn, n'kumukumbatira ndi mkono wothyoka womwe, akufuula kuti mwamuna wake wapita, mwamuna wake wamusiya. Ululu unamufika mpaka m'mano, koma sanamuchotse.

Pofika nthawi ya kadzutsa tenti inali itaima, yotseka msewu wonse. Mabenchi anabwera kuchokera kutchalitchi, miphika ya tirigu ndi nandolo inali pamoto, anthu ankalowa m'magulumagulu, amuna akulira mokweza osachita manyazi. Chithunzi cha Wondimu atavala chisoti chake chinkayenda m'manja mwa amayi ovina maliro. Gezahegn anakhala pakona akuyang'ana zonsezi. Mtima unali ukuwirabe, koma pansi pake panali kakukhutira kowawa: mnzake ankaliridwa ngati munthu.

Kenaka kunabwera galimoto ya Meja Shiferaw. Anatsika atavala mendulo zake, nkhope ataikonza bwino yachisoni, ndipo akuluakulu anamutsogolera kumpando wa kutsogolo. Atapepesa anapempha kuti anene mawu m'dzina la gulu lankhondo. Anayamika Wondimu, mkango wa mumlengalenga, mwana weniweni wa dziko. Amayi analira kwambiri. Akanathera pomwepo. Koma munthu amene wabisa chinthu sakhutira mpaka ataona kuti dothi lapondedwa bwino pamwamba pake.

"Ndipo banja liyenera kudziwa zoona," anapitiriza. "Ngwazi yathuyi sinagwe ndi chipolopolo cha mdani. Inagundidwa ndi mnzake amene anachoka pamalo ake mwa kusasamala. Mwini wake wavomera polemba, ndipo lamulo ligwira ntchito. Ndi Kaputeni Gezahegn."

Kulira kunaduka ngati wina watseka mpopi. Mitu yonse inatembenukira pakona paja. Askale, amene anali atakhala pamatiresi pansi tsitsi atalimasula, anadzuka pang'onopang'ono, amayi awiri akuyesa kumugwira. Anayenda mpaka pamene panali Gezahegn.

"Alamu, akunama eti? Nenani kuti akunama."

Gezahegn anayang'ana kutsogolo. Meja anali ataika dzanja pathumba la pachifuwa, ngati munthu wogwidwa ndi chisoni. Pakhomo la tenti panali anthu awiri a komiti ya m'dera, mfuti zili pamapewa, akudya tirigu wophika. Mawu anayi okha akanakwana kumuyeretsa pamaso pa mayiyu, ndipo dzuwa lisanalowe tenti ikanakhala itagwetsedwa, anthu onsewa atathawira m'nyumba zawo.

"N'zoona, mlamu," anatero.

"Mwati chiyani?"

"Ndinali ine."

Mbama yoyamba inamupeza patsaya, yachiwiri pakamwa. Askale ankamenya ndi manja onse awiri, akulira ndi kufuula.

"Iwe! Unabwera m'mawa uno ndi nkhope yako yomweyo, ndinakukumbatira, ndinalirira pamalaya ako! Unadya m'mbale imodzi ndi iye zaka zonsezi! Ankati mumlengalenga saopa kanthu ukakhalapo iwe. Iwe wadumpha ndi kansalu kako, iye wapsa. Bwanji sunafe ndiwe?"

Gezahegn sanatchinge nkhope. Achimwene ake a Wondimu anali atadzuka kale, wina atanyamula benchi, ndipo bambo Temesgen analowa pakati manja ali m'mwamba.

"Pamaliro sitikhetsa magazi! Mutulutseni, mutulutseni msanga!" Kenaka anatembenukira kwa Gezahegn, maso ali ofiira. "Ndinakufunsa dzulo kuti undiuze zoona. Wandichititsa manyazi, ndalowa nawe m'nyumba ya wamasiye. Choka."

Alonda aja anamugwira m'khwapa n'kumukokera panja, anthu akumulavulira m'njira. Podutsa kutsogolo anaona mtsikana atagwada pamaso pa Meja ndi thireyi, akumupatsa kapu yoyamba ya khofi monga mlendo wolemekezeka. Meja anailandira ndi manja awiri.

Atafika pagalimoto, Askale anatulukira pakhomo la tenti, amayi atamugwira m'chiuno. Mawu ake anali atasasa kale, koma anamveka msewu wonse.

"Gezahegn! Tsiku lako likadzafika, pasadzapezeke wokuimikira tenti! Udzafe wopanda wokulira!"

Mlonda wina, mnyamata wa kumidzi woopa matemberero, anadzilemba chizindikiro cha mtanda. "Bwana, muyankheni. Mawu a wamasiye sagwa pansi."

"Mleke," anatero Gezahegn akukwera movutikira ndi dzanja limodzi. Magazi ankatsika pamlomo, ndipo ukali wake analibe poutula. "Ali pamaliro a mwamuna wake, anene zonse zimene akufuna. Masiku atatu onse ndi ake. Tiye, liza galimoto."